Mwatuluka zinthu zachilendo m'miyala ya thanki yanga ya madzi amchere, thandizeni

Mwana_wa_Tafara:
Abale anga moni nonse, ndabwera ndi vuto moti tulo sindikutiona bwinobwino. Masabata atatu apitawa ndinagula miyala yamoyo ija amati live rock, makilo 18, kwa bambo ena aku Marlborough muno mu Harare amene akusamukira kunja. Ndinaiika mu thanki yanga ya malita 200 momwe muli nsomba ziwiri zija amati ma clownfish, nkhono zisanu ndi timakorali tofewa pang'ono (tinyama ta m'nyanja yamchere tomera pa miyala ngati zomera). Poyamba zonse zinali bho koma pano kwatuluka zinthu zomwe ine sindinagule. Pali timaluwa tofiirira tooneka ngati galasi, tamanja ambirimbiri, ndawerenga 7 ndipo ukayandikitsa chala timalowa mu mwala. Dzulo cha m'ma 11 usiku ndinaunika ndi foni ndinaona chinyongolotsi chaubweya woyera m'mbali, kutalika ngati chala changa chapakati, chikutuluka pansi pa mwala. Komanso magetsi akazima mukumamveka kulira kuti tha! kamodzi, kenako zii, pakapita nthawi tha! Chomwe chandiwawa kwambiri nkhono ziwiri ndapeza zigoba zokhazokha. Maganizo anga ndi otulutsa miyala yonse Loweruka ndiiwiritse mu m'phika waukulu zife zonse ndiyambirenso. Mukuti bwanji?

Gogo_Mchere:
Mwanawe usawiritse mwala umenewo. Ndayamba ndi mawu amenewa dala, zinazo tikambirana bwino. Pa miyala ya m'nyanja yamchere pamakhala timakorali tina totchedwa Palythoa ndi ma zoa, timaoneka ngati timabatani, ndipo tina mwa ito tili ndi poizoni woopsa kwambiri dzina lake palytoxin. Ukawiritsa, poizoniyo amakwera ndi nthunzi, iwe, mkazi wako, ana, ngakhale galu pakhomo nonse mupuma zomwezo. Ku England mu 2018 banja lathunthu linathamangitsidwa kuchipatala chifukwa chongotsuka korali wa mu thanki m'nyumba. Madzi otentha ayi, kukwecha ndi bulashi pouma ayi, ndipo ukagwira miyala uvale magolovesi, usadzikhudze m'maso.

Mwana_wa_Tafara:
Ayi agogo mwandiopsa, m'phika wake ndinali nditabwereka kale kwa mlamu wanga. Ndasiya. Timabatani mukunenato tilipodi pa mwala umodzi, tobiriwira pakati.

Nachisale_Avondale:
Achimwene kubweza m'phikawo mwachita bwino. Komanso taganizani, mtengo wa mwala wamoyo ndi moyo uli mkatimo, mabakiteriya amene amasintha ammonia wa nsomba zanu kukhala nitrite kenako nitrate. Mukaupha ndiye kuti mwagula mwala wamba pamtengo wa golide, ndipo zonse zakufa m'mabowomo zikayamba kuola madzi aonongeka ma clownfish anuwo apita. Tiyeni titenge chimodzichimodzi. Timaluwato tandiuzeni, manja ake ndi osalala osongoka kunsonga kapena ali ngati nthenga ya nkhuku? Nanga tili ndi kachubu kolimba komwe timathawiramo?

Mwana_wa_Tafara:
Osalala achemwali, pakati pali ngati kakamwa. Chubu palibe, kathupi kake ndi kofewa kamangofota nkulowa m'bowo.

Nachisale_Avondale:
Ndiye ndi Aiptasia ameneyo, pepani. Akanakhala wa nthenga ndi kachubu ndikanati feather duster, nyongolotsi yabwinobwino yongosefa madzi. Aiptasia ndi mtundu wa anemone, kanyama kofewa kooneka ngati duwa, amaluma makorali oyandikana naye mpaka kutseka osatsegukanso, ndipo amaswana mwachangu zedi. Chachikulu musamukande ndi mpeni kapena kumuzula ndi chopanira, kachidutswa kalikonse kotsala kapena koyandama kamamera kukhala wina watsopano. Ine ndinalakwitsa choncho chaka changa choyamba, ndinali ndi atatu ndinapala ndi msuwachi wakale, mwezi usanathe galasi lakumbuyo lonse linali timaluwa mpaka mu sump, kathanki kapansi kaja kosefera madzi. Kwa 7 okha njira yake ndi phala la kalkwasser, laimu uja timathira kuti calcium akwere. Sakanizani ndi madzi pang'ono likhale ngati phala la mwana, zimitsani mapampu onse madzi adekhe, tengani sirinji yopanda singano muyandikire pang'onopang'ono osamudzidzimutsa, mumudonthezere pakamwa penipeni, iye amadzitsekera nalo mkati. Dikirani mphindi 15 kapena 20 musanayatse mapampu. Awiri kapena atatu patsiku basi chifukwa laimu akachuluka pH imakwera.

Chikondi_Mbare:
Bwanji osangogula peppermint shrimp, kanyama kaja konga nkhanu yaing'ono, idye Aiptasia yokha? Zamasirinjizo ndi ntchito.

Nachisale_Avondale:
Ikapezeka yeniyeni inde, koma muno mu Harare mungaipeze liti? Zambiri zimachokera ku South Africa ndipo umadikira. Komanso ogulitsa ena amasokoneza ndi camel shrimp ya linunda pamsana ija, imeneyo Aiptasia sidya koma imakadya ma zoa ako.

DadaWaReef:
Ngakhale peppermint yeniyeniyo si zonse zimadya. Yanga inkangodikira chakudya cha nsomba, Aiptasia wamkulu inkamudutsa ngati sikumuona. Chomwe sichiphonya ndi Berghia, kankhono kopanda chigoba koyera, chakudya chake ndi Aiptasia yekha basi, koma akatha nako kamafa ndi njala ndiye umayenera kupatsira mnzako. Kuno sindinakaonepo ndi maso.

Chikondi_Mbare:
Koma nyongolotsiyo iphedwe basi, imeneyo ndiye yadya nkhono. Ine zinthu zaubweya sindigwirizana nazo.

Gogo_Mchere:
Ayi Chikondi, apa ndikutsutsa. Kumuona munthu pamaliro sikuti ndiye wapha. Nyongolotsi yaubweyayo ndi bristle worm, ndipo bristle worm wamba ndi wosesa, amadya chakudya chotsala, ndowe za nsomba ndi chilichonse chomwe chafa kale. Anthu amamupeza ali m'chigoba cha nkhono yakufa nkumati wapha ndi iyeyu, chonsecho wangobwera kudzachotsa mtembo usanaononge madzi. Thanki yanga yatha zaka 11 ndipo alimo ambiri, sindinatayepo nsomba chifukwa cha iwo. Akachulukitsa ndiye kuti ukudyetsa mopyola, chepetsa chakudya nawonso achepa. Woipa ndi msuweni wake fireworm wa ku Caribbean, wonenepa, wokhala ndi timaluwa tofiira m'mbali mwa ubweyawo, ameneyo amadyadi korali, koma sapezekapezeka.

Chikondi_Mbare:
Agogo ine inandibaya, chala chinatupa masiku awiri. Musaikometse.

Gogo_Mchere:
Kubaya imabaya, sindinakane. Ubweya uja uli ngati chitedze, umathothokera pakhungu nkumayabwa ndi kutentha. Usamakande, mata selotepi pamalopo nkumatula kangapo kuti ubweya uchoke, kenako viika chala mu viniga. Chikapitiriza kutupa kapena ukumva kubanika pita kuchipatala. Koma chitedze sitiotchera munda wonse.

Phiri_wa_Dziva:
Pepani ndilowerere, ine ndimangowerenga za gulu lino koma lero ndiyankhule. Inu anthu mukuvutikiranji ndi madzi amchere m'dziko lopanda nyanja yamchere? Beira ili kutali makilomita oposa 500, mchere wogula wa m'thumba, madzi a pa borehole osefa ndi makina a RO aja ochotsa zosungunuka m'madzi, magetsi akathima mtima uli m'mwamba. Kwathu kuli mbuna! Azungu aku Germany ndi America amalimbirana nsomba za ku Nkhata Bay ndi Cape Maclear, zabuluu zachikasu, Nyanja ya Malawi ili ndi mitundu ya nsomba yochuluka kuposa nyanja ina iliyonse ya madzi opanda mchere padziko, ife eni ake tili kalikiliki ndi nyongolotsi za eni. Ine thanki yanga ya mbuna madzi a pa borehole omwewa amagwirizana nazo chifukwa ndi olimba, miyala ndinatola ndekha, palibe chimalira usiku.

DadaWaReef:
A Phiri mbuna timazikonda tonse, ine ndinayambira komweko ndipo ndikadali nazo pakhonde. Koma mwala wa mbuna ndi mwala basi, ukauika lero chaka chamawa udzaupeza chimodzimodzi, mwina ndere pang'ono. Mwala wa m'nyanja yamchere ndi mudzi. Wanga unatha miyezi 8 kenako tsiku lina ndinangoona timanja tamizeremizere tikugwedezeka m'bowo, tinyenyezi ta m'nyanja ta manja aatali, ma brittle star ang'onoang'ono, anali momwemo nthawi yonseyi osaoneka. Mwana wanga wamkazi amadzuka 5 koloko kukaunika asanapite kusukulu. Chimenecho mbuna sizingandipatse.

Phiri_wa_Dziva:
Chabwino ndamva, koma nkhono zanuzo sizipatsa ana likodzo? Kwathu ku Mangochi tinakula tikuopa nkhono za m'madzi.

Nachisale_Avondale:
Ayi a Phiri, likodzo limadutsira mu nkhono za madzi opanda mchere, monga Bulinus za m'mbali mwa nyanja kwanuko. Nkhono za mu thanki ya mchere sizinyamula likodzo. Chokhacho musamalowetse dzanja la chilonda m'madzi a thanki iliyonse, yamchere kaya ya mbuna, mabakiteriya ena amalowera pabala.

Mwana_wa_Tafara:
Zikomo nonse koma tabwererani kwa ine abale, chikulira usiku chija nchiyani? Ndawerenga za mantis shrimp kuti imaswa galasi ndiye mkazi wanga akuti thanki ituluke pabalaza.

DadaWaReef:
Zilipo ziwiri zomwe zimalira, pistol shrimp ndi mantis shrimp, ndipo khutu lokha likhoza kukuthandizani. Pistol ili ndi dzanja limodzi lalikulu, ikalitseka mwamphamvu imatulutsa kathovu kamene kamaphulika, ndiye mumamva tha! kamodzi kapena kawiri kenako chete. Mantis ya mtundu woswa imamenya ngati munthu akukhoma msomali, kho kho kho motsatizana, chifukwa ikuswa chigoba kapena ikukuza bowo lake mu mwala. Nkhonya yake ndi yoopsadi, ya mtundu wa peacock imathamanga mamita oposa 20 pa sekondi, koma zobwera mobisala m'miyala zimakhala zazing'ono, masentimita 3 mpaka 6, zoswa galasi la thanki ya malita 200 ndi nkhani yosowa kwambiri, amayi akunyumba musawaopseze. Chala chokha musalowetse m'mabowo. Tsopano tayang'anani zigoba zija, zaswedwa kapena zili zonse? Mantis imasiya zigoba zoboola ndi zophwanyika, kawirikawiri pakhomo pa bowo lake.

Mwana_wa_Tafara:
Ndazitenga pompano zili m'dzanja langa. Chimodzi chili chonse bwinobwino chopanda kanthu mkati, chinacho chabenthuka kukamwa kokha ngati wina amachitsegula ndi pulayala. Kulirako ndi kamodzikamodzi, kho kho kho sindinamvepo.

DadaWaReef:
Ndiye wolirayo ndikuganiza pistol, ndipo si amene wapha nkhono. Kubenthuka kukamwako kukundipatsa maganizo a nkhanu.

Gogo_Mchere:
Nanenso ndaganiza nkhanu. Koma tisaweruze tisanaone, akuluakulu anati kuona maso a nkhono nkudekha. Usiku uno zimitsa magetsi a thanki ndi a pabalaza, dikira ola limodzi kapena awiri, tenga tochi uikulunge ndi pepala lofiira la pulasitiki, ngakhale la maswiti, chifukwa zambiri za m'madzimo kuwala kofiira sizikuona bwino ndiye sizithawa. Khala pampando osagwedeza thanki. Ukaona nkhanu yang'ana zala zake. Zikakhala zosongoka zakuda kunsonga, thupi laubweya lojintcha, imeneyo ndi ija amati gorilla crab, ikadali yaing'ono imatola zinyenyeswa koma ikakula imagwira nkhono, ma shrimp ngakhale nsomba yogona. Zala zikakhala zophwatalala kunsonga ngati supuni ndi yodya ndere. Ukaona maso awiri pa timitengo akuzungulira lililonse payekha m'bowo, ndiye mantis.

Nachisale_Avondale:
Ndiwonjezere, chigoba chosasweka chija mwina nkhonoyo inangofa yokha. Mchere wanu uli pati? Kutentha kwa October kuno madzi amauma msanga, mchere suuma nawo, ndiye ukapanda kuwonjezera madzi a RO tsiku ndi tsiku umakwera ndipo nkhono ndi zoyamba kufooka. Pa choyezera mchere uzikhala pa 1.025 kapena 1.026, kutentha 25 mpaka 26.

Mwana_wa_Tafara:
Ndayeza, uli pa 1.029. Ndinali nditatha masiku anayi osawonjezera, makina a RO amafuna pampu ndiye magetsi anavuta sabata yonse.

Nachisale_Avondale:
Eya, mwaona. Musautsitse kamodzi, wonjezerani madzi a RO pang'onopang'ono kwa masiku awiri atatu. Ndipo muzisunga zigubu ziwiri za malita 20 zodzaza nthawi zonse magetsi akakhalapo.

Mai_Thoko_Chitown:
Ine ndifunseko zanga pomwepa poti akatswiri mwasonkhana. Pa galasi langa pali tinyenyezi ting'onoting'ono totuwa ngati chikhadabo cha mwana, miyendo yake yosafanana, kena 4 kena 6 kena 7. Komanso pa mwala pali timachubu tolimba ngati minga tomwe timatulutsa ulusi ngati wa kangaude ndikamadyetsa nsomba. Ndi matenda?

DadaWaReef:
Tinyenyezito ndi Asterina mayi, timaswana podzigawa pakati nchifukwa chake miyendo siyifanana. Tambiri timangodya ndere pa galasi, koma mukatiwona takhala pamwamba pa ma zoa ndipo akutseka, tolani ndi dzanja m'mawa tikadali pa galasi. Timachubuto ndi vermetid, ndi nkhono ngakhale siyenda, imadzimata pa mwala nkuponya ukonde wa mamina kugwira chakudya kenako nkuukoka. Ukondewo ukamagwera pa korali amanyansidwa osatseguka. Thyolani kachubuko patsinde penipeni ndi pulayala yaing'ono kapena tsekani kukamwa ndi super glue wa gel. Samalani timacheka zala.

Mai_Thoko_Chitown:
Zikomo bambo. Kuli kenanso kangati nkhono yopanda nyumba koma kothamanga, tsiku lina ndinakagwira kanaduka mchira m'manja mwanga ndinamva chisoni kwambiri.

Gogo_Mchere:
Simunakaphe mayi, ndi Stomatella, kali ndi kachigoba kakang'ono kophwatalala pamsana. Kamadula mchira dala ngati buluzi kuti kathawe ndipo umameranso. Kameneko ndi chuma, kamadya ndere usiku wonse ndipo kamaswana kokha mu thanki. Ine ndikanakhala pafupi ndikanakupemphani tiwiri.

Chikondi_Mbare:
Nonse mukungoti chabwino chabwino, nanga bobbit worm? Ku Newquay ku England mu 2009 anapeza chinyongolotsi choposa mita mu thanki ya aquarium ya anthu onse, chinkadula makorali ndi kuvulaza nsomba kwa nthawi yaitali osadziwika, mpaka anachita kuphwasula miyala yonse. Chinalowa chili chaching'ono mu mwala ngati womwewu. Ndiye mukamati dekhani dekhani ena zimawathera nsomba.

DadaWaReef:
Nkhani imeneyo ndi yoona Chikondi, ndipo palibe akuti chilichonse chisiyidwe. Bobbit mutu wake ndi wina, ili ndi tinyanga tisanu kumutu, thupi lonyezimira ngati mafuta pamadzi, ilibe ubweya woyera wa thonje uja, ndipo imakoka timiyala kutseka pakhomo pake nkubwerera m'bowo mwaliwiro ukaunika. Ya achimwene aku Tafara yaubweya woyera yoyenda poyera ija si imeneyo. Koma pamfundo yoti mwala watsopano usalowe mu thanki yaikulu tsiku lomwelo ndili nawe. Mwala uziyamba wakhala mu chidebe chapadera ndi pampu ndi hita masabata atatu kapena anayi ukuunika usiku, korali watsopano aliyense kumuviika mu mankhwala ake ndi kuyang'ana pansi pa kapulagi komwe koraliyo amamatidwapo ngati pali mazira, chifukwa mankhwala saapha mazira. Chikomekome cha mkuyu mkati muli nyerere.

Phiri_wa_Dziva:
Chinthu chimodzi ndikupempheni a mcherenu ndi a mbuna omwe, zomwe mwatulutsa mu thanki musakataye mu ngalande kapena mu mtsinje. Zamchere mwina zifa zokha koma chizolowezicho nchoipa. Taonani namasupuni mmene wakutira Lake Chivero, yemwe uja wavutitsa mu Shire kwathu, anachokera ku South America ngati duwa lokongoletsa. Ku Kariba nako kwadzaza nkhanu zija za red claw zochokera ku Australia.

Nachisale_Avondale:
Apa a Phiri mwanena zoona, palibe angatsutse.

Mwana_wa_Tafara:
Abale ndabwera ndi lipoti, ndagona 2 koloko. Ndinachita monga ananenera agogo, tochi ndi pepala lofiira, ine ndi mkazi wanga tonse pampando. Zomwe tinaona sindinkadziwa kuti zili m'nyumba mwanga. Tizilombo ting'onoting'ono ngati utitiri tikuthamanga pa mchenga, tina topindika msana, nyongolotsi ija inatuluka ndi anzake awiri nkumatola zotsala, pena panatuluka ulusi woyera wautali wambirimbiri ukufufuza pa mchenga ngati spaghetti. Wolira uja tamuona, kali ngati theka la chala, dzanja limodzi lalikulu linalo laling'ono, kamakankha mchenga kutulutsa kubowo kwake ngati kathirakitala. Kenako cha m'ma 1 pansi pa mwala waukulu wakumanzere panatuluka chinkhanu chaubweya chotuwa, kukula ngati chivindikiro cha botolo la Mazoe, zala zakuda bii kunsonga, chinapita molunjika pa nkhono yomwe inali m'munsi mwa galasi nkuyamba kuitembenuza. Ndinagogoda galasi chinathawa. Nkhono zitatu zotsalazo ndaziika mu kabokosi ka pulasitiki koboola koyandama.

Gogo_Mchere:
Wagwira ntchito mwanawe. Tautitirito ndi ma copepod ndi ma amphipod, chakudya cha nsomba chaulere, waulusiyo ndi spaghetti worm wosesa mchenga, onsewo asiye. Pistol isiyenso. Nkhanuyo itchere chonchi, tenga tambula yagalasi yosalala yaitali, ikamo kachidutswa ka prawn yaiwisi, uitsamiritse chopendekera pa mwala womwe ikukhalawo kukamwa kuli m'mwamba. Imatsikira mkati kutsata fungo koma pobwerera zala zimaterereka pagalasi. Nyamboyo uzichotsa m'mawa uliwonse isaole. Mwina itenga masiku angapo, nkhanu ndi yochenjera. Ikakana, tulutsa mwala wokhawo uuike mu ndowa ya madzi a thanki, uthire soda water m'bowo mwakemo ndi sirinji, ituluka yokha.

Chikondi_Mbare:
Chabwino nyongolotsi ndaipepesa. Koma dzanja langa silidzalowanso mopanda golovesi.

Mwana_wa_Tafara:
Usiku woyamba mu tambula munalowa nyongolotsi zokhazokha, wachiwiri nyambo inadyedwa koma mwini wake osapezeka, ndikuganiza ndinapendeketsa kwambiri. Dzulo ndinaimika tambula mowongoka pang'ono ndipo lero 5 koloko ndaipeza ili mkati ikupalasa galasi. Aiptasia ndapha anayi ndi phala lija atsala atatu, mmodzi ali kuseri kovuta kufikako. Mchere watsika uli pa 1.026. Tsopano nkhanuyi nditani nayo, mwana wanga akukana kuti iphedwe ndipo ine sump ndilibe, panopa ili mu chidebe cha ayisikilimu.

DadaWaReef:
Musaiphe, sump yanga ili ndi malo ndipo mulibe chomwe ingaononge. Loweruka m'mawa ndikhala mu tauni cha ku Fourth Street pokwerera makombi, bwerani nayo mu botolo la madzi a mu thanki momwemo, musadzaze, musiye mpweya pamwamba. Ndikubweretserani ma Stomatella atatu alowe m'malo mwa nkhono zanu zija.

Mai_Thoko_Chitown:
Inenso ndibwera Lowerukalo, agogo anapempha tiwiri aja ndiwatengera. Agogo mutume mdzukulu adzalandire, 9 koloko.